Mavesi m'sefa ya makina ochapira

Makina ochapira anaima madzi ali tho m'kati, chitseko n'kukana kutseguka. Kuseri kwa galasi kunkaoneka bulauzi yoyera ya mayi, yoti avale madzulo omwewo potsogolera kwaya, ndipo ina analibe.

Bambo anathimitsa makinawo, nagwada pansi ngati akupemphera. Paipi yotulutsa madzi inali bwinobwino. Anatchera beseni, napotokola sefa ya m'munsi. Madzi anatuluka pang'onopang'ono, kenako phala la mapepala.

Mayi anatola kachidutswa kamodzi, nazindikira zolemba zawo. Anali mavesi amene ankaika m'thumba la malaya a bambo m'mawa uliwonse.

"Amuna anga, ndiye kuti simuwawerenga?"

"Ndimawerenga, mayi. Koma Mawu a Mulungu ndingawaponye m'bini ine? Ndimawabwezera m'thumba."

"Ambuye akukhululukireni, mwakhutitsa nawo makina!"

Anaseka onse mpaka misozi. Bambo anatsuka sefa, naibwezera, nayatsa. Pampu inalira, madzi otsala anapita, makina anafinya zovala, chitseko n'kutseguka. Mayi anathamanga nayo bulauzi panja dzuwa likadalipo, akuyimba chapansipansi.