Mlendo Anakhala Pafupi ndi Bolodi

Esau Kayange sanali munthu wobwereza mawu. Lolemba m'mawa anaimirira pakhomo la ofesi ya ahedi, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti Lachisanu likhala tsiku lotsiriza la mwana wake Maureen kusukulu. Khofi anali atapsa m'mapiri onse a Misuku, manja othyola akuchepa, ndipo pa zaka zitatu zimene mtsikanayo anakhala akukwera ndi kutsika chitunda, iye sanaonepo chimene wabwera nacho kunyumba. Mwana wosamva m'makutu, anatero, ndi bwino adziwe ntchito ya m'munda bambo ake akadali moyo.

Sylvia Makwinja, mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera pasukulupo, anamva mawuwo ali pakhonde ndi mulu wa makope pachifuwa. Mutu unamutentha. Akanalowa n'kulankhula zoti adzazinong'oneza bondo, koma ahedi, a Bernard Mbughi, anali munthu wodziwa kuziziritsa nkhani. Anapempha bamboyo kuti asanamange mfundo abwere Lachinayi adzaonerere phunziro limodzi lokha, ndipo akapeza kuti mulibe kanthu, amutenge mwanayo popanda wina womuletsa. Esau anavomera, koma anati apereka theka la ola basi, chifukwa khofi akapsa sadikira munthu.

Sylvia anali wa ku Thyolo, ndipo kumtunda kuno anali atakhalako chaka ndi theka. Anaphunzira kunena "mwaghona" m'mawa ndi "yewo" pothokoza, anazolowera kuzizira kolowa mpaka m'mafupa, koma kudekha kokha ndiye kunamukanika. Masana atatu otsatizana, ana ataweruka, anatsalira m'kachipinda kake kophunzitsira akulemba chikonzekero cha phunziro. Analemba n'kung'amba, analemba n'kung'amba, mpaka kachinayi. Mphindi zisanu za chiyambi: moni wa manja ndi kulemba tsiku. Mphindi khumi: kuika makadi a mawu pa zinthu zenizeni, tsamba, nthambi, khofi wakupsa, khofi wamuwisi. Mphindi khumi zina: Maureen apite pabolodi akalembe ziganizo zitatu payekha. Zisanu zotsala, mathero. Anaganizira zonse. Anaganizira zoima pafupi ndi zenera kuti kuwala kugwe pankhope ndi pamanja pake. Anaganizira zovala bulauzi yakuda yopanda maluwa kuti zala zake zizioneka bwino. Anakapempha khofi wodzaza kapu kumunda kwa ahedi.

Sankakayika n'komwe. Maureen, wa zaka khumi ndi zitatu, ankadziwa mawu olembedwa opitirira mazana awiri, ndipo akayamba kulankhula ndi manja, zala zake zinkauluka ngati namzeze pamwamba pa nthochi. Sylvia akatseka kope ankaona kale mmene zidzakhalire: bambo uja atatsegula pakamwa, mwana akulemba, dzuwa likuboola nkhungu pa nthawi yake yeniyeni. Mwinanso misozi pang'ono. Ankalakalaka Lachinayi litadumpha Lachitatu.

Lachinayi linafika ndi nkhungu yoti munthu sungaone mbendera ya pabwalo. Belu lisanalire, ahedi anabwera atasenza okha mpando wa mu ofesi mwawo, wa khushoni ndi mikono yotsamirapo. Anauika kutsogolo, pambali pa bolodi, pafupi ndi zenera, n'kuupukuta ndi mpango. Mlendo wamkulu sakhala pabenchi la ana, anatero. Sylvia anavomereza ndi mutu, maganizo ali pa makadi ake. Ana ena atatu a m'chipindamo anawapatsa zojambula pakona. Maureen anamukhazika padesiki ya kutsogolo, pakati penipeni.

Esau analowa ndi nsapato zajombo zonyowa ndi mame. Maureen atangoona mthunzi pakhomo anatsika pa desiki n'kugwada, mutu uli pansi. Bamboyo anadutsa, nakhala pampando uja, naika chipewa pabondo. Mtsikanayo anabwerera pamalo pake ataweramabe.

Sylvia anaima pamalo amene anasankha, mkono umodzi kuchokera pampando wa mlendo, nakweza dzanja kupereka moni. Maureen sanayankhe. Maso ake anali pa thabwa la desiki. Sylvia anagwedeza dzanja m'mwamba. Palibe. Anagogoda desikiyo ndi chala katatu, monga ankachitira masiku onse kuti kunjenjemera kwa thabwa kumufike mwanayo m'mikono. Maureen anadzidzimuka, maso anakwera mpaka pa lamba wa mphunzitsi, kenako anagweranso pansi ngati aona moto.

Mphindi zisanu za chiyambi zinatha moni asanayankhidwe.

Sylvia anadumpha n'kupita ku gawo lachiwiri. Anakhuthulira khofi padesiki pafupi ndi tsamba ndi nthambi, naika makadi pambali. Anafotokoza ndi manja zoyenera kuchita, pang'onopang'ono, kawiri konse, koma anali kulankhula ndi pamwamba pa mutu wa mwana. Maureen anagwira khadi limodzi, nalitembenuza, nalibwezera pomwe linali. Sylvia anamva thukuta likutsetsereka kumsana m'kuzizira konseko. Kodi ndi mantha? Kodi wadwala? Kapena ndi mwano, lero lomwe lino, pamene moyo wake wonse uli pa desiki imeneyi? Anagogodanso, mwamphamvu kuposa mmene anafunira, mpaka khofi wina anagubuduzika n'kugwera pansi.

Esau anatulutsa foni m'thumba, nayang'ana nthawi, naibweza.

"Ndi mmene alili na kunyumba," anatero m'Chichewa chake cholemera, osayang'ana wina aliyense. "Ukamuyankhula, ngati ukuyankhula na chitsa."

Ahedi, amene anaima kuseri kwa mpandowo, anayesa kukonza nkhani. Anati ayi, mwanayu ngwaulemu kwambiri, ndipo ndi wofunika kumuyamikira. Anatsitsa mawu n'kuuza Sylvia kuti mtsikanayo anatha msinkhu patchuthi chapita, ndipo azakhali ake anamulanga bwino ndithu, mwa manja momwemo, pomuweramitsa mutu: namwali sayang'ana bambo ake kumaso. Ananena monyadira, ngati akupereka malikisi kwa mwana wakhoza.

Sylvia anaima ndi khadi m'manja. Anayang'ana pamene anaima iye, anayang'ana mpando, anayang'ana mwana. Kuti Maureen aone manja a mphunzitsi wake, anayenera kudzutsa maso molunjika nkhope ya bambo ake. Ndipo chinamupweteka koposa Sylvia n'chakuti iyenso, chilowereni bamboyo, anali asanawayang'anepo kumaso. Powalonjera anapinda mawondo, maso ali pa nsapato zawo, monga anamulerera amayi ake ku Thyolo. Mwambowo ankaudziwa m'thupi mwake momwe, koma m'masamba anayi a chikonzekero munalibe mzere ngakhale umodzi wonena pamene mlendo adzakhale.

Zinatsala mphindi khumi ndi ziwiri. Kuuza munthu wamkulu kuti achoke pampando umene ahedi amunyamulira okha, akakhale kumbuyo pabenchi la ana, kunali kumuvula chipewa pagulu. Ahedi anaona chimene chikubwera ndipo anapukusa mutu pang'ono, milomo atailuma. Koma Esau anali atadzuka kale. Anathokoza ahedi, anati waona, ndipo kumunda anthu akumudikira. Anayamba kulunjika kukhomo.

Sylvia sanaganizenso. Anamudulira kutsogolo n'kugwada pa simenti yozizira, pakati pa bamboyo ndi chitseko.

"Adada, pepani, cholakwa ndi changa, si cha mwana. Maureen amamva ndi maso. Inu mukakhala kutsogolo kwake amaweramitsa mutu pokulemekezani, ndiye akawerama makutu ake atsekeka. Ndiloleni ndimutembenuze akupatseni msana."

"Mwana anipase msana ine?"

"Mphindi khumi zokha."

Ahedi anatsokomola, nayamba kunena kuti madamu ndi mlendo kuno, sadziwa zambiri. Esau anawaletsa ndi dzanja. Anayang'ana mphunzitsi wogwadayo, anayang'ananso mwana wake amene sanadziwe n'komwe kuti pakunenedwa kanthu, akungosisita m'mphepete mwa desiki ndi chala. Bamboyo sanabwerere pampando, koma sanatulukenso. Anatsamira khoma pafupi ndi bolodi, napinda manja.

"Zisanu," anatero.

Sylvia anadzuka, nagwira desiki mbali imodzi, naikoka ndi mwana yemwe mpaka inayang'ana khoma la kumbuyo. Kumeneko kunalibe bolodi, kunalibe zenera labwino, kunali khoma lotuwa lokhalokha. Chikonzekero chinatsala patebulo. Anagogoda thabwa mofatsa.

Maureen anadzutsa maso mochenjera. Anaona khoma, anaona mphunzitsi wake yekha, ndipo mapewa ake anatsika. Manja anakwera: moni, pepani, bambo apita? Sylvia anayankha kuti ali kumbuyo, koma alola. Mtsikanayo anazengereza kamphindi, kenako anagwira makadi. Tsamba pa tsamba, nthambi pa nthambi. Khofi anamugawa mofulumira, wofiira uku, wobiriwira uko. Njere zitatu zofiira anaziika pazokha, kutali ndi zinzake. Sylvia anazibwezera pa mulu wa wakupsa, poganiza kuti ndi mantha. Maureen anazichotsanso, napukusa mutu kwa mphunzitsi wake, natenga choko n'kulemba pakhoma ndi zilembo zikuluzikulu: MULI KACHILOMBO.

Nsapato zajombo zinayenda pa simenti. Dzanja lalikulu linadutsa paphewa pa mwanayo n'kutola njere imodzi. Esau anaiyang'ana kumchombo, naiphwanya ndi chikhadabo. M'kati munali mwakuda, mofumbwa. Anaonetsa ahedi n'kuwafunsa ngati khofi ameneyu ngwakumunda kwawo, ndipo ahedi anayang'ana kudenga.

"Mwaona tsono, madamu," anatero Esau. "Maso amene awa ndi amene nikuwafuna kumunda."

Sylvia anazindikira chimene wachita. Anali atamupatsa yekha bamboyo chifukwa chabwino koposa chomutengera mwanayo, ndipo mphindi zisanu zinali zitatha. Anafuna kunena za mayeso, za sukulu za sekondale zolandira ana osamva, za tsogolo, koma mawu onsewo anawaona kuti ndi opepuka ngati mankhusu. Esau sanali kumuyang'ananso. Anali kuyang'ana khoma, milomo ikuyenda pang'ono powerenga zilembo zija. Anafunsa ngati mwanayo wachita kuloweza zimenezi dzulo. Sylvia anati ayi. Anafunsa ngati angawerenge zolembedwa ndi munthu wina aliyense, kapena za mphunzitsi wake yekha. Sylvia anatola choko china n'kumupatsa ndi manja awiri.

Bamboyo anachigwira ngati chinthu chotentha. Sukulu analekezera sitandade sikisi, kale kwambiri. Anaima kumbuyo kwa mwana wake, natambasula mkono pamwamba pa mutu wake, ndipo choko chinalira pakhoma nthawi yaitali. Sylvia anadikira funso lalikulu, la chikondi kapena la chisoni, la zaka khumi ndi zitatu za kukhala chete. Zilembo zokhotakhota zinatuluka chimodzichimodzi: CHIKWANJE CHANGA CHILI KUTI.

Maureen anawerenga. Anazindikira mwini wa dzanjalo. Sanatembenuke. Anayang'ana Sylvia, ndipo Sylvia anabisa manja ake kumbuyo kuti pasadzakhale wonena kuti wamuuzira. Mtsikanayo anadzuka pang'onopang'ono, nayandikira khoma, nalemba pansi pa mawu a bambo ake: AMALUME TENGA LACHIWIRI. BISA MU NTHOCHI.

Esau anawerenga kawiri. Anatulutsa mpweya m'mphuno, theka kuseka theka kukwiya, n'kuuza ahedi kuti mlamu wake ameneyo analumbira pa Baibulo kuti sanachione chikwanjecho, ndipo iye wakhala akukalipira anyamata a ganyu kuyambira Lachiwiri lomwelo. Anayang'ana kumbuyo kwa mutu wa mwana wake, tsitsi lake loluka, zala zake zoyera ndi choko. Analembanso, mofulumirako tsopano: UKUFUNA SUKULU KAPENA MUNDA.

Sylvia analuma lilime. Mwana woleredwa chonchi akanatha kulemba chimene akuganiza kuti bambo ake akufuna kumva. Maureen anaima nthawi yaitali, choko chili m'mwamba osakhudza khoma. Panja belu la kusintha maphunziro linalira, koma iye yekha sanalimve. Pomaliza analemba: SUKULU MMAWA. MUNDA MASANA. Anaika choko pansi n'kugwada pomwepo, atayang'anabe khoma.

Esau anavala chipewa chake m'kalasi momwemo, ngati waiwala pamene ali. Anauza ahedi kuti mwanayo aziweruka msanga mpaka khofi atatha, nthawi ya wani koloko masana azikhala atafika kumunda, ndipo Loweruka lonse ndi la kumunda. Ahedi anavomera msangamsanga. Kwa Sylvia sananene kuti wachita bwino. Anangomufunsa ngati choko chimalemba pachitseko cha thabwa, chifukwa makoma a kunyumba kwake ndi a dothi.

"Chimalemba, adada."

"Nipaseni ziwiri."

Sylvia anamupatsa zitatu. Bamboyo anazikulunga m'tsamba la khofi lija, naziika m'thumba la malaya, natuluka kulowa mu nkhungu imene inali isanaganize n'komwe zochoka. Zonse zitatha, Sylvia anakhala pabenchi la ana. Maureen anali chigwadire, osadziwa kuti kumbuyo kwake kulibenso munthu. Sylvia anatambasula dzanja n'kumukhudza paphewa kuti amuuze kuti Lolemba abwere.