Mwana wa Mariya ku Monkey Bay

Esime anatsika basi ku Monkey Bay atatseka mphuno ndi nsonga ya chitenje. Fungo la usipa wowola, la dizilo ndi la mkodzo wa kuseri kwa magolosale ndilo linayamba kumulonjera. Ntchentche zinkachoka m'ngalande n'kukatera pa mandasi, zikachoka pa mandasi zinkafuna pamlomo pake.

Zaka zonse zimene anagwira ntchito ya uzamba ku Dedza, nyanja ankangoionera pa kalendala. Atapuma pantchito anadziuza kuti apita yekha, osati kumaliro kapena kuchinkhoswe, koma kukangoona sitima ya pamadzi ndi maso ake. Mwana wake wa ku Joni anamutumizira chipewa chachikulu ndi magalasi akuda. Tsiku lonyamuka, Mariya, mnzake wa kutchalitchi, anabwera ndi jumbo ya mtedza wokazinga ndi juzi yoluka yekha.

"Mukampatse Petulo wanga," anatero Mariya. "Paja amagwira ntchito m'sitima momwemo. Akuti mwera ukamaomba kumazizira koopsa."

Kumalo ogona alendo, mtsikana wolandira anthu anasuzumira kumbuyo kwa Esime.

"Abambo akubwera pambuyo?"

"Ndili ndekha."

Mtsikanayo anamwetulira kumbali. "Musadandaule, mayi. Kuno palibe amene amakhalitsa yekha."

M'chipindamo, pa pilo panali tsitsi la munthu wina. Sopo anali wotsala kwa ena, womata fumbi. Esime anayala chitenje chake pabedi, nanyamula jumbo ya Mariya n'kulowera kudoko.

Sitima anaipeza, yoyera, yaitali kuposa tchalitchi cha kwawo, amuna akukwezamo matumba a chimanga ndi njinga. Kwa kanthawi mphuno yake inaiwala zonse. Kenaka anapita kwa mlonda wa pachipata, bambo wachikulire wovala kofiya, amene anthu ankamuitana kuti Che Jaffalie.

"Petulo wa ku Dedza? Wamtali, wa mpata m'mano?" anafunsa mlondayo, Chichewa chake chikupendekera ku Chiyao. "Anabwerapo kalekale kudzafuna ganyu yonyamula matumba. M'sitima umu sanagwirepo ntchito, mama. Kamuyang'aneni kumchenga uko, kumene kumasambira azungu." Anayang'ana pansi. "Kaya kumeneko amamutchula ndani."

Dzuwa linali paliwombo pamene Esime anafika kumchengako. Mabotolo a pulasitiki ndi matewera a ana anali ngundangunda m'mphepete mwa madzi. Mkati mwa mpanda wa hotela ina, mayi wachizungu wa imvi anagona chafufumimba, mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wake akumupaka mafuta kumsana. Esime anatembenuza nkhope, nakhala pansi pa mtengo, chipewa atachikokera m'maso.

Sipanapite nthawi, munthu anadzakhala pambali pake osaodira. Tsitsi lake linali lopota, lofika m'mapewa, ndipo ankanunkha chamba chosakanikirana ndi mafuta onunkhira otsika mtengo. Anayamba ndi Chingerezi cha m'mphuno. Esime atakhala chete, anasinthira ku Chichewa cha m'tauni.

"Amami, mwachokera kunja eti? Kuno amanditchula Kaputeni. Boti ndili nalo, ndikakuonetsani chilumba, nkhwazi, nsomba zamawangamawanga. Ndiye tikabwerako," anatsitsa mawu, "china chilichonse chimene mayi wosungulumwa amachisowa. Ine sindiona msinkhu."

Anaika dzanja pa bondo la Esime, naseka. Mpata wa m'mano uja unaonekera.

Malovu owawa anadzaza m'kamwa mwa Esime. Anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Chotsa dzanja limenelo, Petulo."

Mnyamatayo anadzambatuka ngati waponda khala la moto. "ANajere!" Limeneli linali dzina la mfunda la Esime, limene ana onse a kwawo ankamuitanira.

"Ndine ndemwe. Ndine ndinakudula mchombo mayi ako atakomoka. Lero ukundigwira pa bondo?"

"Sindinakuzindikireni."

"Ukanapanda kundizindikira mpaka madzulo, bwenzi zitatha bwanji?"

Petulo anayang'ana kumpanda wa hotela kuja, kenaka kumapazi ake. Atadzutsa mutu, manyazi anali atachoka kale m'maso mwake.

"Nanga malata a nyumba ya amayi munkayesa anachokera kuti? Si inu munaimba nthungululu tsiku lokhoma? Mpunga wake munadya nawo. Ntchito kulibe kuno, aNajere. Munthu amadya chimene wapeza."

Esime anakumbukiradi mpunga uja, ndi nkhuku yake, ndi pemphero limene iye mwini anatsogolera lothokoza Mulungu chifukwa cha mwana wokumbuka kwawo. Anaponya jumbo ija pamchenga.

"Juzi iyo mayi ako aluka ndi maso ofooka, kuti usazizidwe m'sitima. Tamvera. Uwaimbire, uwauze zoona ndi pakamwa pako ndisanafike ku Dedza. Ukapanda kutero, ndikawauza ine."

"Mukufuna kuwapha ndi BP?"

"Wowapha ndi iwe."

Petulo anatola jumboyo, natapa mtedza n'kuponya m'kamwa. Anachoka akutafuna, osacheuka.

Esime anatsikira kumadzi kuti atsuke bondo lake, koma thewera lina linali kuyandama pomwepo, likubwera ndi funde n'kubwerera nalo. Anabwerera wosasamba. Nyanja sanaifunenso. Anakatenga chikwama chake, ndipo mtsikana uja atafunsa ngati malowo sanamusangalatse, Esime anangoika kiyi patebulo.

M'minibasi anapanikizika pakati pa dengu la utaka ndi bambo wina wogona tulo kukamwa kuli yasa. Njira yonse ankakonza mawu. Akayambira pati? Mariya anali mayi wamasiye, ndipo dzina la Petulo silinkachoka pakamwa pake. Mwina kukhala chete kukanakhala chifundo. Koma Lamulungu lililonse azikakhala naye benchi imodzi, akumva za sitima, iye n'kumavomera ndi mutu? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Manyazi akenso ndi ako.

Atangodutsa pa Golomoti, galimoto itayamba kukwera mapiri, foni inalira. Anali Mariya. Esime anapuma mozama. Mwina mwanayo analapa.

"Mariya, mwamva?"

"Ndamva." Mawu a Mariya anali ozizira, achilendo. "Petulo wandiuza zonse. Akuti anakupezani kumchenga mutavala magalasi akuda, mukufunafuna anyamata. Akuti osamuzindikira, munamukodola iyeyo. Mwana wanga walira pafoni, Esime. Wati munamuopseza kuti mudzamunamizira kuno akaulula."

"Mariya, tandimverani..."

"Ndinkadabwa ine, mzimayi wamkulu kupita kunyanja yekha, kukatani? Pamsinkhu wanuwo! Kwanga musapondeko."

Foni inaduka.

Esime anaigwira m'manja, akuyang'ana galasi lake lakuda. Ankadziwa kuti pofika mawa nkhaniyo idzakhala itazungulira pamjigo ndi kukwaya, ndipo idzakoma m'makutu mwa anthu kuposa yake. Ankadziwanso kuti akatsika, asanapite kwawo, akagogoda pachitseko chomwe amuletsacho, kaya amutsegulira kaya ayi.

Minibasi inakhota pangodya ina yakuthwa, madzi a m'dengu la utaka n'kumudonthera kuphazi. Nseru imene anaimeza tsiku lonse inakwera.

"Adiraiva, taimani pang'ono!"

Anatsika n'kuwerama m'mbali mwa msewu. Atatha, mayi wina wa m'galimotomo anamupatsira botolo la madzi pawindo.

"Pepani amayi. Mwadya chiyani kunyanjako?"

Esime anachukucha m'kamwa, nalavula.

"Sindinadye kanthu, mwanawe. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu."