Sikelo Yoima Potsetsereka

"Agogo, sikelo imayeza anthu. Nanga iyoyo amaiyeza ndani?"

Anafunsa choncho mdzukulu wawo wamkazi chaka chatha, tsiku limene anawaperekeza kuchipatala cha impso, ndipo Amisiri anangoseka. Koma masabata atatu apitawa funsolo linabwerera n'kuwakhala ngati minga yothyokera m'phazi.

Amisiri anamanga nyumba zaka makumi atatu impso zisanawakane. Tsopano Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ankakhala maola anayi pampando, masingano awiri pamkono, makina akuwasefera magazi. Dongosolo lake ankalidziwa ngati mzere wa njerwa. Ukafika umakwera sikelo. Makilo opitirira pa kulemera kwako kwenikweni ndiwo madzi, ndipo makina amauzidwa kuchotsa omwewo. Kulemera kwawo kwenikweni kunali makilo 62.

Ndiye sikelo inayamba kutchula 66. Makina akakoka, ola lachitatu lisanathe miyendo inkakokana, m'maso muli bii. Lachisanu anakomokeratu, mpaka Sisitala, namwino wamkulu wa m'chipindamo, anawabwezera madzi a m'dilipi.

"Bambo, mukumwa mobisa," anatero Sisitala atatsitsimuka. "Ine mungandinamize, koma sikelo siinama."

Kunyumba mwana wawo wamkazi anatsekera makapu m'kabati. Botolo lawo la madzi a tsiku lonse analimanga ulusi pakati, n'kumaliyang'ana ngati lili ndi mlandu.

"Ababa, mukufuna kutisiya chifukwa cha kapu ya madzi?"

Mawuwo anawapweteka kuposa singano. Iwo sanapitirirepo ulusiwo. Ludzu likavuta ankangochukucha m'kamwa n'kulavula. Komabe sanafulumire kuloza munthu chala. Sisitala ankamuona okha: makina asanu ndi awiri, iye ndi mnzake mmodzi, tiyi wake kuzizirira pawindo tsiku ndi tsiku. Munthu wotero sumunenera zoipa usanagwire chenicheni.

Chenichenicho anachiona atagona Lachisanu lomwelo. Mayi wokolopa anathira madzi pansi, ndipo madziwo onse anayenderera kulowera kuchitseko, n'kukadikha pansi pa sikelo. Kale sikeloyo inkakhala pangodya ya m'kati. Anaisunthira pachitseko mwezi watha kuti mpando wachisanu ndi chiwiri upeze malo. Diso la mmisiri silikalamba: pamene madzi athamangira, pansi patsetsereka.

Lolemba m'mawa neba wawo, dalaivala wa takisi amene ankawanyamula, anawaona akutuluka ndi levulo, chida chawo chakale choonera ngati khoma laima bwino.

"Aneba, lero mukukasefedwa kapena mwapeza ganyu?"

"Zonse ziwiri. Ndipo lero musandisiye pageti. Ndikufuna mimba yanuyo."

"Mimba yanga ili ndi mwini wake, mukapemphe kwa mayi a kunyumba."

Anafika odwala anzawo atafola kale pasikelo. Nthawi yawo itakwana, Amisiri sanakwere. Anagwira mphuthu ya chitseko, n'kugwada pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linzake, n'kuika levulo pasikelopo. Kathovu ka m'galasi kanathawira kumapeto. Anadina ngodya imodzi ndi chala, sikelo inagwedera, mwendo umodzi uli m'malere.

"Bambo, mzere ukudikira," anatero Sisitala, faelo ili m'manja. "Zida zomangira muno ayi."

"Sisitala, sindinabwere kudzakangana. Ndikupempha mphindi ziwiri."

"Mphindi ziwiri zanu ndi za munthu wina wa masana. Kwerani, mukakhale."

"Sindikhala pampandopo kufikira muone."

Aliyense pamzerepo ankadziwa tanthauzo la kuphonya tsiku: mapazi kutupa, mpweya kubanika. Amisiri ankadziwa kuposa onse, popeza kuyambira Lachisanu magazi awo anali asanasefedwe, ndipo mutu unali utayamba kale kulemera. Koma kukhalanso pampando kuti awafinye mpaka akomoke, akabwerera kwawo akaonedwe ngati wakuba madzi, zimenezo anali atazikana mumtima.

"Muwalole, Sisitala," anatero mphunzitsi wopuma amene ankakhala pampando wa pawindo. "Inenso miyendo ikundikokana mwezi wonse uno, ndipo mkazi wanga wandiweruza kale."

Sisitala anapumira m'mwamba. "Mphindi ziwiri."

Adalaivala anakwera. Sikelo inati 93. Anatsika, ananyamula sikeloyo, ndipo Amisiri anayenda ndi maondo akukwekweza levulo pansi mpaka pamene kathovu kanaima pakati penipeni, pafupi ndi kabati ya mankhwala. Adalaivala anakweranso. Inati 90 ndi theka.

"Eee! Makilo awiri ndi theka apita osathamanga!" anakuwa Adalaivala. "Sisitala, ndilembereni kalata ndikaonetse kunyumba."

Anthu anaseka, koma Sisitala sanaseke. Anakwera yekha pamalo onse awiri. Kenako anayang'ana mzere wa anthu amene wakhala akuwakalipira mwezi wathunthu.

"Aliyense ayezedwenso," anatero motsitsa mawu. Anauza mnzake kuti aitane dokotala ndi kulemba kuti sikeloyo ikaunikidwe. Atatero anawerama n'kuwadzutsa Amisiri powagwira mkono wopanda mabala a singano. "Bambo, ndinakunenani. Pepani. Mwana wanu ndimuimbira ndekha."

"Sikelo siinama, mwanangu. Inangoimikidwa poipa."

Amisiri anakwera: 63 ndi theka. Asanakhale pampando anapempha pulasitala, n'kumata pansi pangodya zinayi za sikeloyo kuti malo ake adziwike. Tsiku limenelo maola anayi anatha miyendo ili phee, ndipo anatuluka akuyenda okha.

M'galimoto Amisiri anaika levulo pamiyendo.

"Pulasitala amamatuka, aneba," anatero. "Okolopa amasinthana. Mpando wachisanu ndi chitatu ukadzabwera, sikeloyo idzayendanso. Ndipo maondo angawa lero andiuza kuti kugwada kwatsala kochepa."

Atafika kunyumba, Adalaivala anaimika galimoto pageti, n'kutenga levuloyo, kuipendeketsa uku ndi uku.

"Kathovuka kazikhala pakati pa mizere iwiriyi, eti?"

"Pakati penipeni. Kakangotsamira, musakwere."

"Ndiye izikhala m'galimoto muno. Lolemba lililonse ndizilowa nanu, ndizigwada ndine. Ngakhale tsiku limene mudzagonekedwe kuwodi, ndidzapitabe kukawayezera anzanu aja."

"Ndi mimba imeneyo mudzadzuka?"

"Adzandidzutsa Sisitala. Ndalonjeza, aneba. Bweretsani dzanja."