Mafuta pa Tsigiro

Sandipepa anagwada pansi pa boti n'kuyandikitsa nkhope ku tsigiro, chitsulo chophwatalala cha kumbuyo chimene chimakhala m'madzi n'kumakhotetsa boti. M'mawa anali atalipaka pulaima, penti woyamba wotuwa uja amene amaluma chitsulo kuti dzimbiri lisalowe, ndiponso kuti penti wapamwamba apeze pogwira. Tsopano pulaimayo anali atauma, koma sanali see. Apa ndi apo panali timaenje tozungulira, ngati maso a tinsomba.

"Alamu, mukulipempherera kapena mukulinunkhiza?" anafunsa mlamu wake ali pamwamba pa boti, akukulunga chingwe.

Sandipepa anapitsa chikhatho pa pulaimayo. Dzinali anamupatsa ndi anzake a padoko chifukwa cha kukhakhala kwa zikhatho zake. Anatulutsa kampeni, anajambula timizere topingasana pa pulaimayo, anamatapo selotepi, n'kuisolola mwamphamvu. Penti yense wa pamalopo anabwera ndi selotepiyo. Pansi panatsala chitsulo chowala. Anadonthezerapo madzi a m'botolo lake. M'malo moyenderera, madziwo anaundana timadontho n'kugubuduka. Anapitsapo chala, n'kuchinunkhiza. Anali mafuta.

Botilo linali la apongozi ake aamuna. Analiyendetsa kuyambira ali mnyamata, kuwolotsa anthu ndi katundu, mpaka matenda atawafooketsa dzanja limodzi ndi mwendo. Tsopano woyendetsa anali mwana wawo wamwamuna, mlamu uja, ndipo mwana wawo wamkazi, mkazi wa Sandipepa, ndiye ankalandira okwera. Analikokera kumtunda kuti akonze zitsulo za pansi, ndipo padokolo njanji yokokera maboti inali imodzi yokha. Mawa lake m'mawa linayenera kutsika.

Dzulo lake magetsi anabwera mochedwa. Sandipepa anapala tsigiro, shafuti yozunguza pulopela ndi zitsulo za kumsana kwa boti, kunsi kwenikweni, ndi makina a galayinda mpaka zonse zinayera, anazipukuta ndi thinazi wochotsera mafuta ndi litsiro, koma pomwe ankati atsegule chitini cha pulaima, kunayamba kuwaza. Chitsulo chonyowa sachipaka. Anafunditsa lona n'kupita kunyumba ndi nkhawa yakuti m'mawa akapeza kadzimbiri kofiirira katayamba kale. Koma atavundukula m'mawa, chitsulo chinali mbee, chopanda banga. Anasangalala. Woyang'anira doko, a Wotchi, anali atamuimirira pamsana, ndiye iye anangotenga burashi n'kuyamba kupaka, osapukutanso.

"Mkamwini!"

Apongozi ankabwera pang'onopang'ono m'mbali mwa njanji, ndodo patsogolo, atavala chipewa chawo chakale cha pamadzi. Sandipepa anabisa selotepi ija m'thumba, n'kuimirira.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera, kaya inu. Ndiye mwaliona m'mene linawalira m'mawa?"

"Ndinaliona, bambo."

"Eyaa." Mkuluyo anamwetulira, chinthu chimene anali atachisiya kuyambira pamene akazi awo anamwalira. "Inu achinyamata mumangosiya chitsulo pamtunda ngati chilibe mwini. Nditamva kuti mwachifunditsa osapaka, ndinati ayi, dzimbiri silichedwa. Ndinabwera kusanade ndi kabotolo kanga. Dzanja limodzi lomweli, tsigiro lonse, shafuti, mpaka kumsana uko. Pang'ono pokha, ndi kansalu. Mipeni yanga, masipanala anga, munaonapo dzimbiri inu?"

"Sindinaonepo, bambo."

"Ndiye basi. Musandiyese munthu wotha ntchito."

Anagogoda thupi la boti ndi ndodo ngati akulonjera mnzawo, n'kupita kukakhala pa benchi ya pafupi ndi shedi. Sandipepa anawaperekeza ndi maso. Mawu analipo, koma sanali mawu oti mkamwini n'kuuza apongozi ake pabwalo, anthu akumva.

Anapeza mkazi wake m'kati mwa boti, akuchapa mipando ya okwera. Anaitananso mlamu, n'kuwaonetsa selotepi ija.

"Yonse?" anafunsa mkaziyo.

"Paliponse pamene anagwira. Ndayesa malo angapo. Penti wangokhala pamwamba pa mafuta, sanalume."

Mlamu anaitembenuza selotepiyo uku ndi uku. "Alamu, tisakulitse nkhani. Pakani wapamwambayo, mukhuthalitse. Pansi pa madzi amaonako ndani? Nsomba?"

"Madzi amaonako," anatero Sandipepa. "Boti likangoyamba kuthamanga, pentiyo ayamba kusupuka. Wina atsala, madzi alowe kunsi kwake, ndipo dzimbiri lobisala limadya msanga kuposa la poyera. Lidzayambira pakhosi paja, pamene tsigiro lalumikizana ndi chitsulo cholikhotetsa. Paja paonda kale, mwaona nokha."

"Lidzathyoka mawa?"

"Mawa ayi. Mwina chaka chino ayi. Tsiku lake sindikulidziwa. Koma likamadzathyoka, wogwira chiwongolero mudzakhala inu, kumbuyo kwanu kuli anthu ndi ana awo."

Mlamu anakanda m'mutu. "Nanga a Wotchi? Mukuwadziwa. Tikapanda kutsika mawa atikankhira pambali, pa matabwa, n'kukweza chiboti cha asodzi chikudontha chija. Chimenecho chikakwera, kutsika kwake n'kwa Mulungu. Okwera athu azolowera boti lina."

"Ndikudziwa."

Mkaziyo anafinya nsanza m'ndowa kwa nthawi yaitali, ngakhale inali itatha kale madzi. "Ine za okwera sizikundivuta," anatero motsitsa mawu. "Bambo aja akhala pampando osatuluka chimwalirire amayi. Chawadzutsa ndi boti lomweli. Dzulo abwera kunyumba akuimba kamluzu. Ine ndimadabwa kuti kwagwanji. Ndiye lero tikawauze kuti chimene anachita ndi dzanja lawo lotsalalo ndicho chawononga ntchito?"

Kunja wina ankamenya chitsulo ndi hamala.

"Inu ndi ana awo," anatero Sandipepa. "Mwina mmodzi wa inu..."

"Ine ayi," anafulumira mlamu. "Ndodo ija ndimaidziwa kuyambira isanakhale yoyendera."

Anaseka yekha, kenako anasiya.

Sandipepa anatsika pamakwerero. Anazunguliranso boti, anayesanso malo ena kumsana, akuyembekezera kuti mwina dzanja la mkuluyo silinafike konse. Pamalo amodzi penti anagwira. Mtima unakhala pansi pang'ono. Anasuntha pang'ono chabe, n'kuyesanso, ndipo selotepi inabwera yotuwa. Anayang'ana chitini cha penti wapamwamba, wofiira, chili pamthunzi chosatsegula. Akanatha kupaka madzulo omwewo, ndipo mawa boti likanatsika lokongola, anthu n'kuombera m'manja. Palibe akanadziwa, kupatula iye, nthawi iliyonse mkazi wake akakwera m'mawa. Chitinicho anachisiya pomwepo n'kupita ku ofesi.

Woyang'anira dokoyo ankatchedwa a Wotchi chifukwa sankatha kulankhula ndi munthu osayang'ana pamkono. Anamvetsera ataima pakhomo.

"Bwanji sunanene m'mawa?"

"M'mawa sindinadziwe."

"Ndiye ukufuna chiyani? Njanji yanga si bedi."

"Mutipatse mawa lokha. Ndisupule, nditsuke mafuta, ndipalenso, ndipake."

"Nanga kuuma? Nanga wapamwamba? Usandinamize, Sandipepa, si ntchito ya tsiku limodzi imeneyo. Asodzi aja akupopa madzi usana ndi usiku. Chiboti chawocho chikamira pakhomo panga, udzachivuula ndiwe?" Anayang'ana pamkono. "Mawa m'mawa, kaya m'madzi kaya pambali. Sankhani."

A Wotchi sankadziwa kunong'ona. Potembenuka, Sandipepa anaona apongozi atadzuka pa benchi, akubwera. Mkazi wake ndi mlamu nawonso anali atatsika m'boti, ataima chapatali.

"Pambali?" anafunsa mkuluyo. "Boti langa? Ndani wanena?"

Sandipepa anavula kapusi. "Pulaima sanagwire, bambo. Kulakwa ndi kwanga. Ndinayenera kupukuta ndi thinazi m'mawa ndisanapake, koma ndinafulumira."

Zimenezo zinali zoona, ndipo anayembekezera kuti zikwanira.

"Kupukuta chiyani? Chitsulo chinali choyera ngati mbale. Ndinachisiya ndine."

Sandipepa anayang'ana pansi. A Wotchi anayang'ana nkhope za onsewo.

"Kandionetseni," anatero mkuluyo.

Anayenda onse kupita kumbuyo kwa boti, pa liwiro la ndodo. Sandipepa anajambula timizere tija, n'kumata selotepi.

"Bweretsani, ndikoke ndine."

Anakoka ndi dzanja lamphamvulo. Penti anasupuka ngati khungu la pa chithuza. Mkuluyo anayang'ana selotepiyo, kenako chitsulo. Anapereka ndodo kwa mwana wake wamkazi, anapitsa chala chachikulu pa chitsulopo, n'kuchifikitsa kumphuno. Fungolo linali lomwe lija la kabotolo ka m'thumba la jekete yawo.

"Penti sagwira pa mafuta," anatero, osafunsa munthu.

"Sagwira, bambo."

"Maboti athu akale anali a matabwa. Zitsulo zake tinkangozipaka girisi." Anapukuta chalacho pa buluku. "Ndiye inu mumati mundibisire?"

"Mbali yanga ndanena zoona, bambo. Ndikanapukuta, bwenzi zonse zili bwino."

"Ndikanapanda kubwera, bwenzi mulibe chopukuta."

"Bambo," anayamba mwana wawo wamkazi, "inu mumafuna..."

"Ndikudziwa chimene ndimafuna, mayi. Ndipatse ndodo."

Mlamu anayesa kupeputsa. "Komatu bambo, dzimbiri silinabwere. Pamenepo ndiye munawina."

Palibe anaseka. Mkuluyo anayang'ana tsigiro, pakhosi paja poonda, kenako mwana wake wamwamuna, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akumuyeza kulemera. Anatembenukira kwa a Wotchi.

"Likankhireni pambali."

"Madala, mukudziwa kuti mudikira? Sindikulonjeza tsiku."

"Ndamva. Likankhireni pambali. Kwezani la asodzi."

Atatero anabwerera ku benchi. Sanakhale. Anangotenga kachikwama kawo n'kulunjika kugeti, ndipo mwana wawo wamkazi anawatsatira chapambuyo pang'ono, osawagwira.

Kunyumba madzulo amenewo mkuluyo anadya pang'ono, n'kulowa kuchipinda dzuwa likadalipo. Sandipepa anamvetsera ngati kungamveke wailesi, koma kunali zii. Mkazi wake sanamunene kanthu, ndipo zimenezo zinamuvuta kuposa kukalipiridwa.

M'mawa winchi yokokera maboti inalira, majeki anakweza boti, ndipo amuna a padoko analitsetsereka mpaka pa matabwa, pafupi ndi mpanda. Chiboti cha asodzi chinakwera njanji chikuchucha madzi. Kutsidya kwa geti, okwera a m'mawa anaima pang'ono kuyang'ana, kenako anapita kukakwera boti la eni ake ena. Mlamu anawayang'ana mpaka anatha, n'kutenga chopalira osauzidwa.

Anasupula pulaima yense. Sandipepa anayamba watsuka chitsulo ndi sopo ndi madzi otentha, kenako thinazi, akusintha nsanza pafupipafupi, chifukwa galayinda ikapita pa mafuta imangowakwirira m'kati. Atatero anapalanso. Dzuwa litafika pamutu anadonthezera madzi pa tsigiro, ndipo madziwo anayenderera bwinobwino osaundana. Anaumitsa, anapukutanso komaliza. Maso ake ankangopita kugeti.

Mkuluyo anafika Sandipepa akutakasa pulaima. Chipewa chija anali atavala. Anaima patali ndithu ndi boti, n'kutulutsa kabotolo ka mafuta m'thumba.

"Mayi," anaitana mwana wawo, "tenga aka. Chitseko cha kukhitchini chimalira."

Kenako anayang'ana mkamwini wawo. "Pali chimene munthu wa dzanja limodzi angachite pano osawononga?"

Sandipepa anaganiza asanayankhe, chifukwa ntchito yongopeka akanaizindikira. "Chilipo, bambo. Ine ndiyambira kumsana uko. Tsigiro likhala lokha mpaka ndifike. Anthu a pano akamadutsa amakonda kusisita chitsulo chowala, ndipo thukuta la m'manja nalonso ndi mafuta. Pasapezeke wokhudza."

"Ngakhale mmodzi?"

"Ngakhale ine, ndikapanda magolovesi."

Mlamu anabweretsa benchi ija. Mkuluyo anakhala pafupi ndi tsigiro, ndodo ataipingasa pa maondo. Sandipepa analowa pansi pa boti ndi burashi. Pulaima ankayala bwino, wosalala, wopanda timaso tija. Sankadziwa kuti adikira mpaka liti pa matabwapo, ngakhale kuti okwera adzabwerera angati.

Patapita kanthawi anamva nsapato za a Wotchi.

"Eee, koma lawala," anatero a Wotchi, akutambasula dzanja.

Ndodo inadzuka n'kuima pakati pa dzanjalo ndi chitsulo.

"Manja m'thumba, achimwene," anatero mkuluyo. "Onani ndi maso."

A Wotchi anabweza dzanja, anayang'ana pamkono, n'kupitirira. Sandipepa anasuzumira kunsi kwa boti. Apongozi anali atatsitsa ndodo, ndipo dzanja lawo lamphamvu lija anali atalikhalira.