Tsiku Limene Tinkafuna Kukwirira Dzina la Amayi

Mwina mwamva kale, chifukwa kumjigo, kuchigayo, ngakhale kuseri kwa tchalitchi nkhani ndi yomweyi. Akuti amene anaika masamba pamsewu tsiku la chikondwerero cha nyimbo chija ndi amayi anga, Anachisale. Akuti anachita dala. Akuti anapsa mtima chifukwa a Kadammanja, apampando a komiti, anawafufuta pa pulogalamu n'kunena kuti nyimbo zawo ndi za pamaliro, sizingavinitse achinyamata. Ndiye eti amayi anati chabwino, maliro mukuwanenawo muwaona.

Nonse mukudziwa zimene masamba pamsewu amatanthauza kwathu kuno. Ndiye kuti pali zovuta. Wa njinga amatsika, wa galimoto amazimitsa wailesi, abambo amavula zipewa. Choncho Loweruka lija lole ya oyimba ochokera ku Lilongwe itafika pa masambawo inazimitsa nyimbo, inadutsa pang'onopang'ono mwaulemu, n'kupitirira kukafunafuna chikondwerero kwina. Oyimbawo sitinawaone ndi maso. M'malo mwawo kunafika azimayi a kutsidya, nkhuni zili pamutu, atayamba kale kulira ali patali.

Papita sabata ndi theka amayi osapita ku kwaya. Anzawo akawaona amayang'ana kumbali. Wina anachita kuwauza pamaso kuti mtima wotere ndi wa ufiti.

Masambawo ndinaika ndine. Dzina langa ndi Ndaziona, ndili Sitandade 7, ndipo pano palibe nkhani imene imagona isanandipeze. A Kadammanja anandituma kuti ndikaike chizindikiro choti magalimoto azichepetsa liwiro n'kukhotera kubwalo la sukulu. Penti kunalibe, katoni kunalibe. Ndinaganiza kuti chimene madalaivala amachimvera msanga ndi masamba, ndiye ndinamangirirapo mabaluni kuti aliyense aone kuti awa ndi masamba achisangalalo. Mabaluni anaphulika ndi dzuwa naini isanakwane. Sindinauze munthu.

Lachiwiri lapitali masana, nditagona pamkeka pakhonde, ndinalota chikondwererocho chikuchitikanso.

Zonse zinali mmene zinalili. Siteji inali ya madesiki omangidwa ndi malegeni, ndipo inkagwedezeka ngakhale ntchentche ikatera. Chimbudzi chinali chimodzi, mzere wake unakafika kumsika. Bambo wa zokuzira mawu ankangoti wani thu, wani thu, ngati mmene anachitira Loweruka lija kuyambira m'mawa mpaka anthu anatopa n'kuyamba kuvina wani thu yemweyo. Ine mpaka lero ndimati kavinidwe kake kanali kabwino, ena amangonyoza poti sanalipo.

Chosiyana chinali dzuwa. Pulogalamu inkati tiyamba teni koloko, ndipo popeza tinali tisanayambe, dzuwa linaima pa teni n'kumadikira nafe. Ife tinkaliyang'ana, ilo linkatiyang'ana.

Ndinapita pansi pa mtengo pamene panali jenereta kukaifunsa vuto.

"Mafuta alipo," inatero jenereta. "Koma sindingayambe kulira pamaliro eni ake asanalire. Si mwambo."

Ndinaithokoza n'kubwerera.

Kenako chitseko cha Sitandade 1 chinatseguka. M'kalasimo munalibe bolodi kapena khoma. Munali msewu wathu womwewu, wautali, masamba anga ali pomwepo, obiriwira kuposa tsiku limene ndinawathyola. Mumsewumo munkabwera anthu akufa. Ankakankha njinga, chifukwa pa masamba sukwera ngakhale utakhala womwalira. Anavala bwino kwambiri. Ena ndinawazindikira, monga telala uja anamwalira asanamalize kusoka yunifolomu yanga. Anandiona n'kuyang'ana pansi. Onse anakhala pabwalo mwadongosolo, amuna uku akazi uku, ndipo ndikuuzeni, chimenechi ndicho chinthu choyamba kuyenda mwadongosolo pa chikondwerero chonsecho.

Amene ankawatsogolera anali azakhali anga a Velonika, alongo awo a bambo. Azakhaliwo anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Miseche ndinaphunzira kwa iwowo. Ali moyo ankanditchula kuti kawailesi, n'kumandikoka khutu kuti ati akusintha siteshoni. Koma apa anaimika njinga, anapinda maondo pang'ono.

"Mwaswera bwanji, a Ndaziona?"

"Ndaswera bwino, kaya inu azakhali."

"Ife tili bwino. Kungoti kwathu kulibe nkhani, aliyense zake zinatha. Taona masamba, tabwera. Maliro ndi a ndani?"

A Kadammanja anafika akuthamanga, atavala jekete yawo yofiira ija, thukuta lili kamukamu.

"Pepani makolo athu," anatero. "Pano si pamaliro. Pano ndi pa chikondwerero cha nyimbo, choyamba m'dera lino."

"Nyimbozo zili kuti?"

"Zili m'njira."

"Masamba aikidwa, bambo," anatero azakhali. "Ife sitibwerera tisanakwirire. Funsani pulogalamu yanu."

A Kadammanja anatulutsa pepala m'thumba n'kulifunsa. Pulogalamu inadziwerenga yokha, ndi mawu a munthu wotopa. Inati nambala wani ndi pemphero, koma wopemphera ali pamzere wa kuchimbudzi. Nambala thu ndi mawu a mlendo wolemekezeka, koma palibe amene anamuuza kuti ndi mlendo wolemekezeka. Nambala fili ndi oyimba a ku Lilongwe, adutsa. Itafika pa nambala seveni inatsokomola.

"Apa panali dzina," inatero. "Anandikanda ndi lezala mpaka ndinabooka."

"Ndi limenelo," anatero azakhali. "Dzina la Anachisale. Ladwala sabata ndi theka. Tiyeni tiliike."

Abambo anayi anatsitsa sipika yaikulu pa siteji n'kuigoneka chagada ngati bokosi. Dzina la amayi linali mkatimo. Ndinkalimva likupuma, likugundagunda pang'ono ngati nkhuku ili m'dengu. Manda anakumbidwa pakati pa bwalo, paja amayambira mpira. Palibe anagwira khasu. Azimayi a kumjigo anangoima mozungulira, wina akati "akuti", dothi linkatuluka lokha. Wina n'kuti "akuti", lina n'kutuluka. Sizinachedwe. Ndinamva manyazi, chifukwa mawu amenewo ine ndimawanena kokwana makumi asanu ndisanadye phala.

Amayi anali atakhala pansi chapomwepo, miyendo itatambasulidwa, manja ali pamiyendo. Ndinawaitana. Mawu anga anatuluka pakamwa n'kugwera pansi ngati chitsononkho, osawafika.

"Zayamba," anatero azakhali. "Likakwiririka aziyenda, aziphika, azitunga madzi. Koma wowaitana sadzapezekanso, ngakhale inuyo."

Kenako anatembenukira ku gulu.

"Tsopano wa kubanja afotokoze mmene matenda anayambira."

Maiki inatsika pa siteji ikudumpha ndi mwendo wake umodzi, inabwera kudzaima patsogolo panga, n'kudzifupikitsa kuti ilingane ndi ine.

"Magetsi kulibe," ndinaiuza.

"Ine sindidya magetsi," inatero maiki. "Ndimadya nkhani imene sinamvekepo."

Apa mtima unakhala pansi, chifukwa nkhani ine ndili nazo zodzaza nkhokwe. Ndinati jekete ya a Kadammanja si yawo, ndi ya alamu awo, ndipo alamuwo anali kunyumba mu vesti kudikira kuti apite ku ukwati.

"Tinaimva," inatero maiki.

Sipika ija inakhwekhwerezeka yokha kufupi ndi dzenje.

Ndinati mandasi amene ankagulitsidwa pageti Loweruka anali a Lachinayi, anangowawaza madzi n'kuwayanika.

"Tinadya nawo."

Sipika inasunthanso.

Ndinati mbuzi imene inali mphoto ya mpikisano wovina sinathawe monga anatiuzira, ili kuseri kwa nyumba ya alembi a komiti, ndipo anaipatsa kale dzina.

"Mbuziyo inatiuza yokha."

Tsopano theka la sipika linali litalendewera m'dzenjemo. Dzina mkatimo linasiya kugunda.

"Yatsala imodzi," anatero azakhali, chapansipansi. "Ndinakuphunzitsani kunyamula nkhani za eni. Yangayanga sindinainyamulepo mpaka ndinapita. Yesani inu."

Ndinayang'ana anthu. Panali anzanga a m'kalasi, aphunzitsi athu onse, azimayi a ku kwaya atavala zoyera. Ndinadziwa kuti ndikangonena, anthu awa adzanditchula kuti Anamasamba mpaka ndidzakhale ndi zidzukulu. Ine amene ndimaseka ena. Ndinayang'ananso amayi, anali akuchotsa kaudzu pachitenje ngati kuti zimene zikukwiriridwazo si zawo.

"Wani thu," ndinatero, chifukwa sindinadziwe poyambira. "Masamba ndinaika ndine. Amayi sanagwire ngakhale tsamba limodzi. Panali mabaluni."

Ndinagwira maiki, inatentha m'manja mwanga. Mawu anatuluka aakulu kuposa ine, anadutsa msika, anakagunda phiri, phiri n'kubweza katatu kuti panali mabaluni, panali mabaluni, panali mabaluni. Anthu sanaseke. Kupatula telala uja, ndipo iye alibe pakamwa ponditsutsira, yunifolomu yanga ija sanamalize.

Jenereta inayamba kulira. Inkalira zenizeni, misozi ya mafuta ikutsikira m'mbali. Sipika inatseguka, dzina la amayi n'kutuluka. Linkaoneka ngati chitenje chatsopano chosachapidwapo, chija chimalira munthu akamayenda. Linadzikuntha fumbi, linayenda lokha mpaka pamene panali amayi, iwo analimanga m'chiuno n'kuimirira.

"Amayi," ndinaitana.

"Ndamva," anatero. "Tapatuka."

Anakwera pa madesiki aja, madesiki n'kusiya kugwedezeka. Maiki inawatsatira, iwo anaiuza kuti ipume. Anayamba ndi mawu awo enieni, nyimbo zomwe zija a Kadammanja anati sizivinitsa. Amene munawamvapo amayi akuyimba mukudziwa mmene amayambira, pansi kwambiri ngati akulankhula ndi munthu mmodzi, kenako umangozindikira tsitsi lakuimirira. Azimayi a kutsidya anatula nkhuni zawo n'kuyamba kuzigundanitsa ziwiriziwiri. A kwaya anapolokoza asanakumbukire kuti sakuwayankhula. Oyamba kuvina anali akufa, ndipo amavina bwino, alibe bondo lowawa. Kenako amoyo. Mzere wa kuchimbudzi unkavina osachoka pamalo. A Kadammanja anavula jekete ya alamu awo n'kuimanga m'chiuno.

Dzuwa litaona kuti tayamba linanyamuka, likuthamanga kuti lipeze nthawi imene linataya. Lole ya ku Lilongwe inatulukira ikuyenda chambuyo. Oyimba aja anatsika ndi magalasi awo akuda, anayang'ana pa siteji, anakhala pansi pafumbi n'kumamvetsera. Mmodzi anandifunsa kuti mayi awa ndi ndani. Ndinamuuza dzina lonse, pang'onopang'ono, kenako ndinawonjezera kuti ndine mwana wawo woyamba.

Anthu azinena kuti chikondwerero chathu chinalibe madzi akumwa, chinalibe mthunzi, mipando inakwanira a komiti okha. Ndi zoona, ndinalipo, ndinapsa nawo. Koma ine ndinachiona kawiri, ndipo kachiwiri kaja palibe amene anafunsa za mpando.

Nyimbo zili mkati azakhali anandikodola. Akufa onse anali ataima kale pa chitseko cha Sitandade 1, aliyense atagwira njinga yake.

"Tavina, tathokoza," anatero. "Tsopano chotsani masamba anuwo kuti tikwere. Kwathu n'kutali poyenda wapansi."

Ndinalowa mumsewu uja n'kuwerama. Nthambi yoyamba inali yolemera ngati yonyowa. Ndinakoka ndi manja onse awiri, ndinakokanso, n'kupeza kuti ndikukoka mphepete mwa mkeka wanga.

Dzuwa linali litapendeka. Amayi anali pambali panga akusankha nyemba. Ndinakhala tsonga, ndinawauza zonse, za penti, za mabaluni, osapuma. Sanadzutse mutu.

"Ndimadziwa," anatero.

"Anakuuzani ndani?"

"Sabata ndi theka anthu onse akukamba za masamba, iwe wekha uli duu. Iweyo, Ndaziona. Ndinkangodikira kuti uphulika liti."

"Nanga bwanji simunawauze a ku kwaya?"

"Ndikawauze kuti si ine, ndi mwana wanga? Tandipatsa mbale iyo."

Ndinawapatsa. Anathira nyemba, ndipo ndinamva akung'ung'udza kanyimbo chapansipansi, koyamba kuchokera Loweruka lija.

Ndiye ndang'amba mapepala pakati pa kope langa n'kulemba zimenezi ndi dzanja langa. Munditche Anamasamba ngati mukufuna, ndidzayankha. Koma Lamlungu Anachisale akakhala kutsogolo kwa kwaya, ndipo ndikufuna akapeze malo awo ali osesa. Nkhani yabodza ija munaiyendetsa masiku awiri okha n'kukafika nayo kutsidya, miyendo yanu ndimaidziwa. Iyi ndi yatsopano, ndi yoona, ndipo mwaimva kwa mwini wake. Mukangomaliza kuwerenga, muyamba kuuza ndani?