Bokosi la Anthu a ku Mbaula

Maurice anandiimbira foni Lachiwiri masana, ndili pa nthawi yopuma kuchipatala, ndikudya biriyani yozizira choimirira. Maurice sadziwa moni wautali. Ntchito ya pa hotela ku Business Bay, kuno kudziko la Aluya, inamuphunzitsa kulankhula ngati kumbuyo kwako kuli mzere wa anthu.

"Achemwali, bokosi la makadi lija mumasunga ndinu eti? Ndimati ndilibwereke, ndiwawerenge onse bwinobwino ndisanayambe."

"Musanayambe chiyani?"

"Kuyendetsa Mbaula. Si Ronnie akunyamuka pa 28? Canada ija yatheka, mashallah. Mzinda wandisiyira ine."

Ndinasiya kutafuna. Pa foniyo ndinkachita kumva mutu wake ukubwerera m'mbuyo kufufuza pamene waponda molakwika. Kenako anati kwabwera mlendo, andiimbiranso. Sanaimbenso.

Ronnie anali chibwenzi changa kwa zaka zitatu ndi miyezi inayi. Ndi injiniya wa zikepe, amene amakwera pamwamba pa chikepe chikafa pakati pa nsanja. Amalume anga ku Ntcheu ankamudziwa dzina, ndipo mayi anga anali atayamba kale kufunsa mtundu wa chitenje cha pa chinkhoswe. Za Canada ine ndinazimva tsiku limenelo, kwa munthu wobwereka bokosi.

Mbaula ndi mzinda umene kulibe. Ronnie anaupeka yekha, naujambula pa pepala lalikulu: misewu, madoko, manda, msika, nsanja zonyezimira ndi ngalande zonunkha. Lamlungu lililonse masana tinkasonkhana m'nyumba yake ku Al Muraqqabat, pamwamba pa sitolo yokonza mafoni, kusewera. Iye ankafotokoza zimene zikuchitika mumzindamo, enawo aliyense anali ndi ngwazi yake yamphamvu zodabwitsa, ndipo akafuna kuchita chinthu chovuta ankaponya madayisi kuti aone ngati chatheka. Anthu akuluakulu a ndevu zawo, kukuwa chifukwa cha kadayisi. Poyamba ndinkawaseka, koma pasanathe mwezi wokuwa kwambiri ndinali ine.

Maurice anali Bololo, wokumba pansi pa nyumba iliyonse. Bupe, mtsikana wa ku Lusaka wogwira ntchito mu ndege, anali Kamvuluvulu. Kapambwe, mkulu wa alonda pa nsanja ina, anali Galasi, wodutsa pa zenera lotseka osaliswa. Ine ngwazi ndinalibe. Namwino sadziwa Lamlungu lake, ndipo Ronnie anati ngwazi singasowe pakati pa nkhondo chifukwa choti yaitanidwa ku wodi, koma wosoka nsapato akhoza kutseka shopu tsiku lina anthu osadabwa. Choncho anandipatsa anthu ena onse otsala.

Musawapeputse anthu otsalawo. Analipo mazana awiri ndi khumi ndi anayi, aliyense ndi khadi lake, mu katoni ya nsapato. Kutsogolo kwa khadi Ronnie ankalemba dzina, chimene munthuyo akufuna ndi chimene amaopa. Kumbuyo ndinkalemba ine: mmene amalankhulira, mmene amatsokomolera, amene anamulakwira ali mwana. Che Milanzi wosoka nsapato pa depoti, amene ankadziwa aliyense mumzinda poona chidendene chake. Sajeni Phwetekere, wapolisi amene ankafika nkhondo itatha n'kufunsa ngati pali tiyi. Zigawenga zonse zinalinso zanga: Odula Zingwe, amene ankaba waya wa zikepe anthu ali momwemo, Ana a Ngalande, otulukira m'mipope, ndi Kwaya ya Chisoni, amene ankafika pa maliro a anthu olemera atavala zoyera, n'kuimba mokoma mpaka onse kugona, iwo n'kusesa nyumba. Mtsogoleri wawo, Mayi Nachanza, ndinamupatsa mawu a mphunzitsi wanga wina wa ku sekondale amene sindinamukhululukirebe.

Maurice atadula foni ndinaganiza zoti ndisafunse. Ronnie anene yekha. Ndinali ndi ukali, inde, koma pansi pa ukaliwo panali kachiyembekezo kopusa: mwina akufuna kundidabwitsa. Mwina mapepala anga akukonza mwakachetechete, poti iye ndi munthu wokonda kubisa mathero a nkhani. Lachitatu ndinafufuza pa foni mmene anamwino amalembetsera ntchito ku Canada. Lachinayi ndinalowa mu sitolo ina ku Deira n'kuyesa jekete la ubweya, kunja kukutentha ngati mu uvuni. Wogulitsa anandifunsa ulendo wa liti, ine n'kuyankha kuti posachedwapa, inshallah. Ndikakumbukira zimenezi ndimafuna kudzimenya khofi.

Lachisanu madzulo tinakumana pa malo athu odyera shawarma. Ndinamupatsa mpata waukulu woti ngakhale basi yaikulu yonyamula antchito a ku Sonapur ikanadutsapo. Ndinanena za lendi yake imene ikutha, ndinanena za kuzizira, ndinafunsa ngati kuntchito kuli zachilendo. Iye analankhula za Mbaula kwa ola lathunthu. Anati Lamlungu ndi tsiku lalikulu, a Kwaya agwira Che Milanzi n'kupita naye kumanda, ndiye ndikonzekere kulankhula mbali zonse ziwiri, wogwira ndi wogwidwa. Maso ake ankawala. Anandipukuta msuzi pachibwano ndi chala chake, monga ankachitira nthawi zonse.

Lamlungu ndinafika ola limodzi enawo asanabwere, bokosi lili m'khwapa. Mashelefu a mabuku anali opanda kanthu. Nsapato zake zakuntchito, zimene zinkakhala pakhomo chaka chonse, panalibe. Iye anali kukhitchini akuwiritsa karak, tiyi wamkaka wa kuno uja, akuimba kamluzu.

"Ronnie, pa 28 ukupita kuti?"

Anazimitsa gasi. "Wakuuza ndani?"

"Funso langa si limenelo."

"Calgary," anatero, akuyang'ana m'poto. "Ndimafuna ndikuuze game ikatha, Stellah. Ndimafuna Mbaula ithe bwino kaye."

"Pa mafomu ako dzina langa lilipo?"

Anapukuta manja pa kansalu, ngakhale anali ouma. "Panali malo oti ulembe ngati uli ndi munthu. Ndinalemba kuti ndili ndekha."

"Liti?"

"Chaka chatha. Mu March."

M'mwezi umenewo ndi mmene analankhula pa foni ndi amalume anga, atavala shati yosita ngakhale amalumewo sankamuona. Ndinamuseka tsiku limenelo, ndipo ndinamukonda kwambiri chifukwa cha shatiyo.

"Pali wina?"

"Palibe. Wallahi palibe."

Ndinkafuna akanakhalapo. Mkazi wina ndikanamutukwana, ndikanamufufuza pa foni n'kupeza chilema pa nkhope yake. Koma panalibe woti ndilimbane naye.

"Ndiye n'chiyani?"

"Sindikudziwa. Ndikamaganiza za kumeneko ndimadziona ndili ndekha. Ndinkadikira kuti mwina zisintha." Anandiyang'ana koyamba. "Sunandilakwire chilichonse."

Belu la pakhomo linalira. Ronnie anapumira m'mwamba ngati munthu amene chikepe chake chatseguka, n'kuthamangira kukatsegula.

Bupe analowa woyamba, n'kundikumbatira nthawi yaitali kuposa masiku onse. "Ba Stellah, muli che bwino?" anafunsa chapansipansi, osandiyang'ana m'maso. Basi ndinadziwa kuti akudziwa. Kapambwe anayamba kuyamikira makatani amene wakhala akuwaona kwa zaka zitatu. Maurice analowa womaliza, atanyamula mandasi ochuluka kuposa anthu, n'kukhala pa mpando wakutali ndi ine. Onse ankadziwa za ulendowo, mwina kwa miyezi. Ine ndekha, amene ndinkadziwa chinsinsi cha munthu aliyense mu Mbaula, ndi amene ndinali mumdima.

Munthu wanzeru akanatenga chikwama chake n'kutuluka. Ine ndinakhala pa malo anga, kumanzere kwa Ronnie, n'kutsegula bokosi. Musandifunse chifukwa. Miyendo inangopita kumene inazolowera.

"Yalla, tiyeni," anatero Ronnie. "Tili kumanda a ku Mbaula. Dzuwa likuswa mtengo. A Kwaya aima mozungulira dzenje, ndipo m'mphepete mwake mwagwada Che Milanzi, manja ali omangidwa."

Ndinasewera bwino tsiku limenelo, ndipo zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero. Mayi Nachanza analankhula mozizira, mosathamanga, kuuza ngwazi zitatuzo kuti iye waimba pa maliro mazana atatu ndipo sanaonepo ngwazi ikubwera kudzagwira fosholo. Kenako ndinatembenuka n'kukhala Che Milanzi, nkhalamba yamantha, yopempha kuti wina akatseke shopu yake chifukwa muli nsapato za eni ake. Kapambwe, amene amaseka chilichonse, sanaseke. Bupe anagwira madayisi nthawi yaitali osaponya.

"Nifuna kumuchosa pa mugodi apo," anatero Bupe. "Manje manje, pompano."

"Ponya," anatero Ronnie.

Madayisi anagwa bwino. Kamvuluvulu ananyamula nkhalamba ija, Bololo anagumula pansi pamene panaima a Kwaya, Galasi anatsekera Mayi Nachanza m'galimoto yonyamula maliro. Zinatenga maola atatu. Ndinaimba, ndinakuwa, ndinafa kanayi monga zigawenga zosiyanasiyana, ndipo Sajeni Phwetekere anafika zonse zitatha n'kufunsa za tiyi. Apo anaseka onse, ngakhale Ronnie, mpaka anandigwira phewa moiwala. Ndinasuntha mpando.

Pomaliza Ronnie anaimirira, monga ankachitira nkhani ikafika pachimake. Anafotokoza ngwazi zitatu zitaima pamwamba pa nsanja yaitali kuposa zonse, mzinda wonse utasonkhana pansi. Anali atazikonzekera bwino, mawu ake anali okoma. Kenako anatembenukira kwa ine, mwachizolowezi chabe, osaganiza n'komwe.

"Stellah, khamu."

Ndinaimba nthungululu. Inatuluka yaitali, yoyera, ngati ya pa chinkhoswe, mpaka mnansi wa ku Pakistan anagogoda khoma. Bupe anali akulira poyera. Ine ndinasonkhanitsa makadi anga, ndinawaika m'bokosi mwa dongosolo lake, zigawenga kumbuyo, anthu wamba kutsogolo, n'kuvala nsapato.

"Stellah, tingalankhule?" anatero Ronnie.

"Khalas, basi," ndinayankha. "Mbaula yatha bwino."

Maurice anandipeza pa chikepe ndikudikira. Anaima patali pang'ono, akupotokola zala.

"Achemwali, pepani. Ine ndinkaganiza kuti mukudziwa. Ndikanadziwa sindikana..."

"Mwandithandiza," ndinatero, n'kumupatsa bokosi lija. "Tengani. Che Milanzi samva khutu lakumanzere, musaiwale."

Analandira ndi manja awiri, koma sanachoke. Anatsegula, anatulutsa khadi limodzi, anawerenga kumbuyo kwake, n'kulibwezera.

"Ine izi sindingathe," anatero. "Kufotokoza misewu ndingayese. Koma anthuwa ndikawalankhulitsa ine onse azimveka ngati receptionist. Timati tiyambe Lamlungu loyamba la mwezi wamawa, kwanga. Sindikukukakamizani. Ndikungoti, mpando ulipo."

Mawu otukwana anabwera pakamwa, abwinoabwino, ochokera ku Ntcheu kwenikweni. Munthu wasiyidwa maola anayi apitawo, iwe n'kumamufunsa za masewera? Koma ndili chiimire pamenepo ndinaona Malamlungu anga onse amene akubwera. Chipinda chimene ndimagona ndi anamwino awiri a ku Philippines, anthu abwino, koma oti ndikaseka m'Chichewa amandifunsa ngati ndili bwino. Mabenchi ozizira a m'ma mall. Foni ya mayi anga, yofunsa za chitenje. M'dziko lonse lino, nyumba imene anthu ankandidikira kuti ndifike inali imodzi, ndipo ndinali nditangotulukamo.

Chikepe chinafika, chinatseguka, chinadikira, n'kutsekanso chopanda munthu. Misozi imene ndinaimeza kuyambira kukhitchini inayamba kutsika, ndipo sindinaipukute.

"Nthawi yanji?" ndinafunsa.

"Thu koloko," anatero Maurice, akuyang'ana pansi.

Ndinatulutsa foni n'kuyamba kufufuza amene ndingasinthane naye shifiti.