Mbendera ya Abambo

Pa bwalo la gofu anzake ankamutchula kuti Mfuko, chifukwa ntchito yake inali yokumba maenje. Sanali maenje akulu ayi, timaenje tongolowa dzanja, tomwe osewera amagwetseramo mpira. Pa girini iliyonse, paja pamakhala kapinga wosalala ngati bulangeti, ankafika ndi chitsulo chake chozungulira kukamwa, n'kuchitsindira pansi, n'kuchipotokola, n'kuzula dothi ndi kapinga wake yemwe. M'dzenje latsopanolo ankaikamo kapu ndi mbendera. Dothi lozulidwalo ankakatsekera dzenje lakale, n'kupondaponda mpaka chipsera chibisike. Dzenje la gofu silikhalitsa malo amodzi. Likakhalitsa, mapazi a anthu amapha udzu.

Girini ya kumtunda ndiyo inkamulemera. Iye ali mwana, pamenepo panali manda a mudzi wawo. Mudzi utasamutsidwa, manda a simenti anawasiya m'kankhalango ka kumpanda, ndipo alipobe. Osewera amalowako kukafuna mipira yosochera, ena atavula zipewa. Manda a dothi ndi miyala thalakitala inangosalaza. Abambo ake a Mfuko anali m'gulu limenelo. Amayi ake ankangokumbuka kuti ndi patsinde pa chulu, moyang'anana ndi mkuyu. Mkuyuwo unalipo. Chulu ndicho chinasanduka girini.

Chaka chathachi, maso atayamba kuchita nkhungu, amayi anakakamira kuti akaone pomwe anagona amuna awo. Lolemba bwalo silitsegulidwa, choncho kapitawo analola. Anakwera mtundawo atakolowekana mkono ndi achemwali ake a Mfuko, akupuma pang'onopang'ono. Atafika pa kapinga anaona kansalu kofiira kakupepera pa ndodo.

"Kodi anaikapo chizindikiro!" anatero. "Ine ndimati anthu amenewa alibe mtima."

Mfuko anatsegula pakamwa, achemwali anamutsina m'nthiti.

"Waikapo ndiwe?" amayi anafunsa.

"Ndine, amayi."

Anagwada pambali pa dzenje, n'kuyamba kuwafotokozera abambo za denga lodontha ndi za mdzukulu wokana sukulu. Kuyambira pamenepo Lolemba linakhala lawo. Mkati mwa sabata Mfuko ankasuntha dzenjelo monga ntchito ifunira. Lolemba m'mawa ankalibwezera paja pomwe amayi analipeza, Lachiwiri n'kutsekaponso. Kapinga wa pamenepo sankapeza mpata wogwira mizu. Anachita chikasu, kenako anauma, dothi n'kuyamba kugumukira m'kapu.

Lachisanu lina kapitawo anamuitana. Anali bambo wonenepa, wosachedwa kutuluka thukuta, ndipo anali ataima pa giriniyo manja ali m'chiuno.

"A Mfuko, tabwerani mudzaone dazi la apongozi anu."

Mfuko anabwera, nayang'ana pansi.

"Pafa pano. Mwaboola pamodzimodzi mpaka dothi latopa nanu."

"Ndithira manyowa pang'ono, akapitawo."

"Manyowa pa mtembo? Tamverani. Mayi anu ndimawalemekeza. Inenso agogo anga ali penapake pansi pa mchenga uwo, ndikamasalazapo ndimati pepani. Koma mabwana andifunsa, ndipo mayankho andithera. Lero tidzala kapinga watsopano, timanga chingwe. Mbali yonse yakumunsiyi ipume. Dzenje lipite uko kumapeto."

Analoza kumutu kwa girini, komwe nthaka imakwera ngati msana wa ng'ombe.

"Ngakhale Lolemba lokha?"

"Makamaka Lolemba. Mukaboolanso pano, chitsulocho mupatse wina, inu muzikatola masamba. Musandione ngati mfiti, inenso ndili ndi ana."

Mfuko anathandiza kudula mabulangeti a kapinga, kuwayala, kukhoma zikhomo. Chingwe anamanga yekha.

Lamlungu madzulo anapita kwa achemwali, komwe amayi ankakhala. Anawapeza kuseri kwa nyumba akuchapa zofunda za amayi m'beseni, manja atatuwa ndi sopo. Anakhala pa ndowa yovundikira n'kuwafotokozera.

"Ungowauza kuti mbenderayo ndi ya masewera," anatero achemwali osatukula mutu.

"Munanditsina ndinu."

"Ndinakutsina tsiku limodzi. Sindinati chaka."

"Ndiye muwauze inu."

"Ine ndiye ndiwasambitse, ndiwadyetse, ndiwachapire, kenako ndiwasweso mtima? Iwe ntchito yako ikhale yobweretsa shuga basi?" Anafinya nsalu mwamphamvu, madzi n'kuthovokera pa nsapato za Mfuko. "Amayi akamachokera kumeneko amadya. Sabata yonse amangonyomola, koma Lolemba amamaliza mbale. Ine ndikudziwa zimenezo zokha."

"Tiwauze kuti mawa atseka geti."

"Nanga sabata inayo? Atsekanso?"

M'nyumba munamveka kukhosomola, kenako mawu a amayi. "Ndi mlongo wakoyo? Umuuze mawa tilawira, dzuwa lisanakwiye."

Lolemba kunacha kopanda mphepo. Mipope inali itathirira kale, kapinga akunyezimira. Mfuko anawadikira pa geti la antchito. Anawakweza pa kangolo kamoto konyamulira mchenga, amayi pakati, achemwali atawagwira phewa. Kangoloko sikaloledwa pa girini, ndiye anakaimika pansi pa mkuyu. Chotsala anayenda.

Amayi njira ankaidziwa ndi miyendo. Analunjika paja pa masiku onse mpaka chingwe chinawagunda m'miyendo. Anaima. Anawerama n'kuchipapasa, napapasanso kapinga watsopanoyo, zala zikutsatira mizere ya pomwe mabulangeti anakumana.

"Akumba."

"Ayi amayi, angodzala udzu."

"Dothi latsopano ndikulimva fungo. Ndalima moyo wanga wonse, iwe. Awachotsa abambo ako?"

"Sanachotse munthu aliyense."

"Nanga chizindikiro chili kuti?"

Achemwali anayang'ana kumbali. Mfuko analoza kumutu kwa girini. Amayi anatchinga dzanja pachipumi, nafinya maso nthawi yaitali, mpaka anakaona kofiirako katalendewera pa ndodo yake.

"Apita uko?"

Amayi anazungulira chingwe n'kuyamba kukwera. Kwa munthu wa miyendo yabwino sipanali patali. Iwo anayenda pang'ono, napuma, nayendanso pang'ono, phazi lamanzere likukwekwereza pa kapinga wonyowa. Pakatikati mawondo anakana. Achemwali anawagwira m'khwapa n'kuwakhazika pansi.

"Ndikuberekeni," anatero Mfuko.

"Undibereke ngati thumba pamaso pa abambo ako? Dikira ndipume."

Anapuma, koma mpweya sunkabwerera. Chifuwa chinkakwera ndi kutsika, maso ali ku mbendera. Mfuko anawayang'ana, nayang'ana mtunda wotsalawo. Sanaganize. Anakwera msangamsanga, nazula mbenderayo ndi dzanja limodzi monga amachitira tsiku lililonse akamatchetcha, n'kutsika nayo ataitsamiritsa paphewa.

"Mutu wako!" achemwali ananong'ona.

Anazindikira chomwe wachita atafika kale. Anaima patsogolo pa amayi, ndodo ili m'manja, osadziwa poiika.

Amayi anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku kansalu.

"Imazuka chonchi?"

"Imazuka."

"Tabwera nayo."

Anaigoneka pamiyendo pawo. Inali yopepuka ngati bango. Anaisisita mpaka kunsonga, nafunyulula kansaluko n'kukabweretsa pafupi ndi maso.

"Palembedwa chiyani apa? Dzina?"

"Nambala, amayi."

"Nambala." Kutali makina otchetcha ankalira, n'kusiya, n'kuyambanso. "Zija ndimaziona m'njira tikamabwera, zofiira zinzake zija. Ine ndimati ndi anzawo a abambo ako. Ndimawapatsa moni."

Achemwali anaseka mwangozi, kenako anabisa nkhope m'nsalu.

"Ndi za masewera eti?"

"Eya."

"Ndiye abambo ako ali pati?"

Mfuko ananjuta. "Pa mtunda uno, amayi. Penipeni sindikupadziwa. Palibe akupadziwa."

Amayi anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Ponseponse panali pobiriwira mofanana, popanda mwala, popanda chitsa. Anamubwezera ndodo ija.

"Kaibwezere ya eni ake, angakuchotse ntchito."

Iye sanasunthe. Amayi anayala zikhato zonse ziwiri pa kapinga, nalankhula mokwezako mawu, monga munthu woitana mnzake yemwe sakumuona m'munda wa chimanga.

"Bambo a ana, kaya muli kuno, kaya muli uko. Muli moyo ndinakutsatirani ku njanji, ndinakutsatirani ku mafamu, mtolo pamutu, mwana kumsana. Mukati tiyeni, ine n'kunyamuka. Lero ndiye sindikudziwa kolowera. Denga lija anakonza. Mwana uja sukulu wayambanso, koma kaya. Zina ndikanakuuzani zandithawa." Anapukuta manja pa nsalu yawo. "Ine miyendo yatha. Mukandifuna, kwa mwana wanu wamkaziyu mukukudziwa. Inu ndiye opepuka tsopano, muziyenda ndinu."

Anatambasula mikono kuti awadzutse. Ulendo uno sanakane kuberekedwa. Mfuko anagoneka mbendera pa kapinga n'kuwanyamula. Sanali olemera. Chibwano chawo chinkamugunda paphewa pamene ankatsika.

"Pepani amayi," anatero ali pafupi ndi mkuyu.

"Wapepesa chiyani? Unkakumba wekha m'mawa onse aja?"

"Ndekha."

"Ndiye unatopa." Anakhosomola. "Lolemba likubwerali musandidzutse. Ndigoneko."

Achemwali ankabwera m'mbuyo atanyamula patapata mmodzi yemwe anavuka m'njira. Atawakhazika pa kangolo anamuyang'ana mlongo wawo.

"Lero akadya?" anafunsa chapansipansi.

"Kaya."

"Ubwere madzulo. Udzawadyetse ndiwe."

Anawaperekeza mpaka pa geti, nawadikirira mpaka anapeza galimoto. Pobwerera anapeza kapitawo ali pa giriniyo, mbendera ili m'manja, akuyang'ana chingwe ngati chakhudzidwa.

"Simunaboole," anatero kapitawo.

"Sindinaboole."

"Mayi aja bwanji?"

"Akuti sabweranso."

Kapitawo anavula chipewa, napukuta thukuta, navalanso. Kenako anamupatsa mbenderayo.

"Girini ya kumadzi ija nayonso yayamba dazi," anatero. "Mukapuma mukaione."

Mfuko anakwera kukaibwezera m'dzenje lake. Potsika anazungulira m'mbali mwenimweni mwa girini, kunja kwa kapinga wosalala, ngakhale kuti kudula pakati kunali pafupi.